Mbiri ya Buku Limodzi Losungidwa M'maiko Ambiri

Nkhani yathu ya mbiri madzulo ano ndi ya funso limene lasautsa amalonda, alembi ndi akatswiri a makina kwa zaka zambiri. Funsolo ndi ili: kodi anthu okhala m'malo otalikirana angasunge bwanji buku limodzi la ndalama kapena la katundu, kotero kuti chimene wina walemba kuno chidziŵike kwa mnzake wa kutsidya iye asanalembe chosemphana nacho? Masiku ano buku lotero limasungidwa m'makompyuta, ndipo Angerezi amalitcha database. Koma muona kuti vutoli linalipo kompyuta isanapangidwe, ndipo makompyuta aliŵiro a masiku ano sanalithetse ayi.

Tiyambire pa nkhondo ina yakale. Pa 24 Disembala 1814, nthumwi za Britain ndi za United States zinasaina pangano la mtendere mumzinda wa Ghent, m'dziko limene lero ndi Belgium. Patapita masabata aŵiri, pa 8 Januwale 1815, asilikali a maiko aŵiri omwewo anamenyana koopsa pafupi ndi New Orleans, ndipo a Britain okwana pafupifupi 2,000 anaphedwa, kuvulazidwa kapena kugwidwa. Kalata ya mtendere inali ikadali m'chombo pa nyanja ya Atlantic, ndipo inafika ku America mu Febuluwale. Panalibe wonama pa nkhaniyi. A ku Ghent anadziŵa kuti agwirizana, a ku New Orleans anadziŵa kuti nkhondo ikupitirira, ndipo aliyense anachita molingana ndi uthenga umene anali nawo. Chimene chinaŵasiyanitsa chinali mtunda basi.

M'chaka cha 1858 nthambo yoyamba ya lamya inayalidwa pansi pa nyanja yomweyo. Uthenga wa moni wa Mfumukazi Victoria kwa Pulezidenti James Buchanan, wa mawu 98, unatenga maola ngati 16 kuti uwoloke, ndipo nthamboyo inafa patangopita masabata oŵerengeka. Ina yolimba inayalidwa mu 1866, ndipo kuyambira pamenepo amalonda a ku London ndi a ku New York anayamba kudziŵitsana mitengo ya zinthu tsiku lomwelo. Kuchedwa kwa masabata kunasanduka kwa maola, kenaka kwa mphindi, koma kuli malire amene munthu sangaŵapyole. Kuŵala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndipo m'nthambo za galasi zimene zimanyamula mauthenga lero kumayenda makilomita ngati 200,000 pa sekondi. Kuchokera ku London kufika ku New York ndi makilomita ngati 5,600. Tikagaŵa sekondi m'magawo 1,000, gawo lililonse limatchedwa milisekondi. Tsono funso lochoka ku London ndi yankho lake lobwerera sizingatenge nthaŵi yochepera mamilisekondi 56. Kwa munthu nthaŵi imeneyo si kanthu, koma kompyuta imatha kuchita ntchito mamiliyoni ambiri m'kanthaŵi komweko.

Njira yoyamba imene anthu a makompyuta anatsata inali yapafupi: buku likhale limodzi, pamalo amodzi, ndipo onse azifunsa komweko. Chitsanzo chotchuka ndi cha kampani ya ndege ya American Airlines. M'zaka za m'ma 1950 alembi ake ankasunga mipando ya ndege pa makadi, ndipo kusungitsa mpando umodzi kunkatenga ola ndi theka nthaŵi zina. Choopsa chinali kugulitsa mpando umodzi kwa anthu aŵiri, kapena kusiya ndege inyamuke ndi mipando yopanda anthu poopa kulakwitsa. Mu 1953 mkulu wa kampaniyo, C. R. Smith, anakhala moyandikana m'ndege ndi wogulitsa makina wa kampani ya IBM, R. Blair Smith, ndipo kucheza kwawo kunabala makina otchedwa SABRE. Makompyuta aŵiri a mtundu wa IBM 7090 anaikidwa ku Briarcliff Manor, m'chigawo cha New York, ndipo pofika 1964 ogulitsa matikiti a m'mizinda yambiri ankalumikizana nawo pa nthambo za telefoni. Mpando ukagulidwa ku Chicago, wa ku Los Angeles ankaona kuti wapita, pakuti onse ankaŵerenga tsamba limodzi.

Komabe buku limodzi lili ndi zofooka ziŵiri. Nyumba imene lasungidwamo ikapsa, kapena magetsi akazima, ntchito imaima m'dziko lonse. Ndiponso amene ali kutali nalo ayenera kudikira yankho nthaŵi iliyonse akafuna kuŵerenga kapena kulemba. Nzeru yodziŵikiratu inali yopanga makope a bukulo ndi kuŵaika m'mizinda ingapo. Koma paja akuluakulu anati mapanga aŵiri avumbwitsa. Tiyerekeze kuti mwamuna ndi mkazi wake ali ndi akaunti imodzi ya ku banki yokhala ndi madola 100. Mwamunayo ali ku London, mkaziyo ali ku New York, ndipo onse aŵiri apempha madola 100 pa sekondi imodzimodziyo. Kope la ku London likuonetsa kuti ndalamazo zilipo, la ku New York nalonso likuonetsa chimodzimodzi, motero banki ipereka madola 200 pamene panali 100. Kuti izi zipeweke, kope lina liyenera kufunsa linzake lisanavomere, ndipo kufunsa kumeneko ndiko kudikira kumene makopewo anapangidwira kuti akuthetse.

Munthu amene anasanja bwino maganizo pa nkhaniyi anali Jim Gray, wa ku malo ofufuzira a IBM ku San Jose, m'chigawo cha California. M'zolemba zake za 1978 ndi 1981 analongosola chimene akatswiri amachitcha transaction, kutanthauza ntchito ya mbali zingapo imene iyenera kuchitika yonse kapena kusachitika konse. Kuchotsa ndalama m'akaunti ya wina ndi kuziika m'akaunti ya mnzake ndi ntchito imodzi. Sikuloledwa kuti ndalama zichoke kuno koma zisafike uko. Pofotokoza mmene makompyuta otalikirana angamalizire ntchito yotere pamodzi, Gray anayerekeza ndi ukwati wa m'tchalitchi. Mbusa amayamba wafunsa mkwati ndi mkwatibwi, aliyense payekha, ngati akuvomera, ndipo onse akavomera ndi pamene amalengeza kuti ukwati wamangidwa. Chomwechonso kompyuta imodzi yotsogolera imafunsa zinzake zonse ngati zakonzeka, ndipo zikavomera imatumiza uthenga wachiŵiri wolamula kuti zilembe. Njirayi, imene Butler Lampson ndi Howard Sturgis a ku Xerox anaifotokozanso m'zaka zomwezo, imateteza bukulo kuti lisasokonezeke, koma ili ndi mtengo wake. Uthenga uyenera kupita ndi kubwera kaŵiri, ndipo pa nthaŵi yonseyo mizere yokhudzidwayo imakhala yotsekedwa kwa ena onse. Choipa koposa n'chakuti mbusa akakomoka onse atavomera kale koma iye asanalengeze, palibe amene angachoke pa guwa, pakuti sakudziŵa ngati ali pabanja kapena ayi.

Panalinso vuto lina lobisika, la nthaŵi. Mu 1975 Paul Johnson ndi Robert Thomas, amene ankagwira ntchito pa ARPANET, kholo la intaneti, analemba za kasungidwe ka makope a buku limodzi, ndipo anaganiza kuti cholembedwa chilichonse chizidindidwa nthaŵi imene chalembedwa, kuti pakakhala kusemphana chomaliza chizipambana. Koma mawotchi aŵiri sayenda mofanana ndendende. Wotchi wamba imatha kutsogola kapena kutsalira ndi sekondi imodzi m'masiku oŵerengeka, ndipo kusiyana kwa milisekondi imodzi n'kokwanira kuti chimene chinalembedwa poyamba chioneke ngati chinalembedwa pambuyo. Leslie Lamport ataŵerenga zolembazo anasindikiza mu 1978 nkhani imene ikuŵerengedwabe m'mayunivesite mpaka lero. Iye anaona kufanana kwa vutoli ndi chiphunzitso cha Einstein: pa zinthu ziŵiri zochitika m'malo otalikirana, tinganene motsimikiza kuti china chinayamba pokhapokha ngati uthenga wake ukanatha kufika kumene chinzakecho chinachitikira. Motero anapereka njira yosadalira wotchi ya pakhoma. Kompyuta iliyonse imasunga nambala imene imakwera pa chochitika chilichonse, imalemba nambalayo pa uthenga uliwonse wotuluka, ndipo yolandira imakweza nambala yake kuti ipose imene yabwera. Potero yankho silingaoneke ngati linadza funso lisanafunsidwe.

Lamport yemweyo anapezanso mankhwala a vuto la mbusa wokomoka uja. Mmalo modikira kuti makompyuta onse avomere, padikiridwe ochuluka okha, monga atatu mwa asanu. Chinsinsi chake n'chakuti magulu aŵiri alionse a atatu mwa asanu ayenera kukhala ndi mmodzi wopezeka konsekonse, ndipo ameneyo amanyamula chikumbukiro cha zimene zinavomerezedwa kale. Chotero zigamulo ziŵiri zotsutsana sizingadutse. Njirayi anailemba ngati nthano ya nyumba ya malamulo ya pa chilumba cha Paxos ku Greece, kumene aphungu ankaloŵa ndi kutuluka mmene afunira. Anaipereka kuti isindikizidwe mu 1990, koma oipenda sanakondwere ndi nthanoyo, ndipo inatuluka mu 1998. Lero Paxos ndi njira zofanana nayo zili pa phata la makina ambiri aakulu. Makompyuta aŵiri mwa asanu angafe, ntchito n'kumapitirira. Komabe dziŵani kuti kudikira sikunathe: wolemba ayenerabe kumva yankho la anzake aŵiri amene ali pafupi koposa, ndipo ngati ali kutsidya la nyanja, mamilisekondi aja ayenera kulipiridwa.

Intaneti itafalikira m'zaka za m'ma 1990, makampani anayamba kutumikira anthu mamiliyoni m'maiko onse usana ndi usiku, ndipo ena anayamba kufunsa ngati kugwirizana kotheratu kuli kofunika nthaŵi zonse. Mu Julayi 2000, pa msonkhano wa akatswiri ku Portland, m'chigawo cha Oregon, Eric Brewer wa pa yunivesite ya California ku Berkeley anatchula zinthu zitatu zimene aliyense amafuna: kuti makope onse azinena chimodzi, kuti aliyense wofunsa aziyankhidwa, ndi kuti ntchito izipitirira ngakhale nthambo zolumikiza makompyuta zitaduka. Iye anati zitatuzi sizingapezeke zonse pamodzi, ndipo mu 2002 Seth Gilbert ndi Nancy Lynch a ku MIT anatsimikiza mfundoyi ndi masamu. Imadziŵika ndi zilembo zitatu, CAP. Tanthauzo lake ndi losavuta kumva. Nthambo ya pakati pa London ndi New York ikaduka, mlembi wa ku London ali ndi njira ziŵiri zokha: auze mwamuna uja kuti sangamthandize mpaka nthambo italumikizidwa, kapena ampatse ndalama asakudziŵa zimene mkazi wake akuchita kutsidya. Njira yachitatu palibe.

Mwina mungaganize kuti mabanki nthaŵi zonse amasankha kukana, koma Brewer, polembanso za nkhaniyi mu 2012, anasonyeza kuti si choncho. Makina ena otulutsa ndalama akataya kulumikizana ndi likulu amalolabe munthu kutenga ndalama mpaka pa mlingo wochepa woikidwiratu, ndipo zikadzapezeka kuti anatenga zoposa zimene anali nazo, banki imamlipiritsa pambuyo pake. Kampani ya Amazon inatsata nzeru yomweyo. Mu 2007 akatswiri ake anafotokoza makina otchedwa Dynamo, amene ankasunga dengu la wogula, ndiye kuti mndandanda wa zinthu zimene wasankha asanalipire. Lamulo linali lakuti wogula asakanizidwe kuika chinthu m'dengu, zivute zitani. Makope akasemphana ankaphatikizidwa pambuyo pake, ndipo akatswiriwo anavomereza poyera kuti chinthu chimene wogula anachotsa chinkatha kubwereranso m'dengu. Kwa wamalonda, cholakwika chotere n'chochepa poyerekeza ndi kutaya wogula. Walira mvula walira matope: amene afuna yankho lofulumira alandirenso ntchito yokonza zosemphana.

Daniel Abadi, amene pa nthaŵiyo anali pa yunivesite ya Yale, anaonjezera mfundo yofunika mu 2010 ndi mu 2012. Iye anati kuduka kwa nthambo kumachitika mwa apo ndi apo, pamene kuchedwa kulipo tsiku lililonse. Ngakhale zonse zikuyenda bwino, wopanga makina ayenera kusankha pa cholembedwa chilichonse: kudikira makope akutali kuti onse anene chimodzi, kapena kuyankha msanga ndi kulola kuti wina aŵerenge zakale kwa kanthaŵi. Kunena zoona, makina ambiri amene ankatamandidwa kuti amapirira kuduka kwa nthambo anapangidwa motero makamaka chifukwa eni ake sankafuna kuti wogula adikire.

Kwa zaka zingapo ambiri anakhulupirira kuti buku lofalikira padziko lonse silingakhale logwirizana kotheratu. Kenaka mu 2012 kampani ya Google inafotokoza makina ake otchedwa Spanner, amene anabwerera ku wotchi ija imene Lamport anaipeŵa. M'nyumba iliyonse yosungira makompyuta anaikamo zolandirira nthaŵi kuchokera ku masetilaiti a GPS pamodzi ndi mawotchi a atomu, kuti china chikalakwitsa chinzake chichiwongolere. Chachilendo chinali chakuti wotchi imeneyi, yotchedwa TrueTime, siinena kuti nthaŵi ndi yakuti ndendende. Imanena kuti nthaŵi yeniyeni ili pakati pa apa ndi apo, ndipo kukayikako, malinga ndi zimene analemba mu 2012, kunali kwa milisekondi imodzi mpaka 7. Tsono kompyuta ikadinda nthaŵi pa cholembedwa, imadikira dala mpaka itatsimikiza kuti nthaŵi imeneyo yadutsa pa mawotchi onse, ndipo ndi pamene imauza wolembayo kuti ntchito yatheka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Potero chilichonse cholembedwa pambuyo pake, kulikonse padziko, chimalandira chidindo chapatsogolo. Pansi pa zonsezi Spanner inagwiritsabe ntchito Paxos ya Lamport ndi mafunso aŵiri a Gray. Mtengo wake unaonekera m'buku la malonda otsatsa la kampaniyo, lotchedwa F1, limene linali ndi makope asanu m'madera osiyanasiyana a United States: kumaliza cholembedwa chimodzi kunkatenga mamilisekondi 50 mpaka 150. Akatswiri analandira kuchedwako, n'kusintha mapulogalamu awo kuti azisonkhanitsa zopempha zambiri pa ulendo umodzi, monga achitira munthu wokhala kutali ndi msika.

Kuti muone kuti nkhaniyi si ya m'kalasi chabe, mvani zimene zinachitika pa 21 Okutobala 2018 ku GitHub, kampani imene imasungira anthu mamiliyoni mapulogalamu amene akulemba. Monga kampaniyo inafotokozera poyera, amisiri ankasintha chipangizo cha nthambo za galasi, ndipo nyumba yaikulu ya makompyuta ya ku gombe la kummaŵa kwa United States inataya kulumikizana kwa masekondi 43 okha. Makina oyang'anira, poona kuti buku lalikulu lasoŵa, anakweza kope la ku gombe la kumadzulo kuti likhale lotsogolera. Kulumikizana kutabwerera, kunapezeka kuti buku la kummaŵa linali ndi zolembedwa za masekondi oŵerengeka zimene sizinafike kumadzulo, pamene la kumadzulo linali litayamba kale kulandira zatsopano zimene kummaŵa kunalibe. Mabuku anakhala aŵiri, lililonse ndi choona chake, ndipo kubwerera mmbuyo kukanatayitsa zolemba za anthu. Kuonjezera apo, mapulogalamu a kummaŵa anayamba kuwoloka dziko lonse pa cholembedwa chilichonse, ndipo anachedwa kwambiri. Akuluakulu anasankha kuteteza zolembedwa ngakhale anthu adandaule ndi kuchedwa, ndipo ntchito inabwerera mwakale patapita maola 24 ndi mphindi 11.

Nafenso kuno tinalaŵako mbali ya nkhaniyi. Pa 12 Meyi 2024 nthambo ziŵiri za pansi pa nyanja, za EASSy ndi SEACOM, zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inachedwa kapena kusoŵa kwa masiku angapo m'maiko monga Tanzania, Mozambique ndi Malaŵi. Aliyense amene ntchito yake inadalira buku losungidwa kutsidya la nyanja anaona yekha tanthauzo la mtunda. Ndipo mukatumiza ndalama pa foni n'kudikira masekondi angapo uthenga wotsimikiza usanafike, mbali ina ya kudikirako ndi ya mabuku amene akufunsana kuti ndalamazo zisaŵerengedwe kaŵiri.

Tsono, omvera, mbiri imeneyi ikutiphunzitsa chiyani? Kuchokera pa chombo cha 1815 kufika pa nthambo za galasi, kuchedwa kwatsika kuchoka pa masabata kufika pa tizigawo ta sekondi, koma palibe amene anakuchotsa, pakuti liŵiro la kuŵala silisintha. Chimene Gray, Lamport, Brewer ndi anzawo anachita ndicho kuonetsa poyera malo amene kusankha kumachitikira, ndi amene amalipira. Pa dengu la wogula, n'kwanzeru kuyankha msanga ndi kukonza pambuyo. Pa ndalama za anthu, pa mpando wotsiriza wa m'ndege, pa mankhwala amene wodwala walandira kale, n'kwanzeru kudikira. Amene akugula makina oterewa m'malo mwa boma, banki kapena chipatala achite bwino kufunsa wogulitsa funso limodzi: kodi nthambo ikaduka, makina anuŵa amakana kutumikira, kapena amatumikira mwakungoganizira? Wogulitsa akayankha kuti sachita chilichonse mwa ziŵirizi, wogula adziŵe kuti sanauzidwe zonse.